Ukulele wa ana a sukulu: ndigule wa m'sitolo kapena ndipangitse kwa mmisiri?

MphunzitsiWaKuNgabu:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ngabu, Sitandade 6, ndipo phunziro la Expressive Arts anandisenzetsa ine poti ndimayimba kwaya kutchalitchi. Gitala ndili nayo, yondisiyira malemu achimwene anga, koma ndi ya nsambo zawaya. Mwana akangopanikiza kodi (chord) imodzi zala zimalowa mizere, mawa lake safunanso kuyigwira. Kukulanso, wa zaka 11 dzanja silizungulira khosi lake.

Mwana wa achemwali anga amene ali ku Johannesburg ndiye wandiuza za ukulele, kagitala ka nsambo zinayi zofewa kaja. Akuti atha kundigulira kumeneko n'kutumiza pa basi. Nditatchula nkhaniyi pamsika, bambo ena opala matabwa, amene amapangiranso anyamata mabanjo, anati ndisavutike ndi za kunja, ndingowapatsa chithunzi andipangira. Komiti ya sukulu yalola kandalama kokwanira maukulele anayi otchipa, ndipo ndikawonjezera za m'thumba mwanga mwina afika asanu. Ndalama ya makolo si yoseweretsa, mawa adzandifunsa pamsonkhano.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo yathu. A kumtunda musaseke: kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kalasi yanga ndi yamalata opanda siling'i. Kabati wa mu ofesi ya ahedi, chilimwe zitseko zake zimasiya mpata wolowa chala, dzinja likafika zimatupa mpaka kutseka kwake n'kochita kumenya ndi chibakera. Ngati thabwa lokhuthala choncho likusintha ndi nyengo, nanga kathabwa kopyapyala ka ukulele?

Ndiye amene mukudziwa tandiuzani. Wopanga pamanja amaupanga bwanji kwenikweni, kuti ndikapita kwa bambo aja ndidziwe chofunsa? Nanga ukakhala wogula, munthu amayang'ana pati? Ine changa n'kuyimba, za matabwa ndine mbuli.

MmisiriWaPaNchalo:

Aphunzitsi, nkhani ya kabati wa ahediyo ndiye mutu wa zonse, mwayambira pabwino. Ine ntchito yondidyetsa ndi mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro pano pa Nchalo. Zoyimbira ndinayamba ndi kukonza magitala a m'matchalitchi amene ankabwera atang'aluka, kenaka n'kumapanga zanga maoda akachepa. Maukulele ndapangapo ochepa, koma okwanira kuti ndikuuzeni pamene pamavuta.

Ambiri amagwera pa thabwa penipenipo. Lochekedwa mwezi uno, ngakhale kunja lioneke louma, m'kati muli madzi. La ukulele liyenera kukhala pamthunzi, losanjikidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, chaka chathunthu kapena kupitirira. Ine ndimasaka zitseko zakale ndi matebulo othyoka a mbawa, amene anauma kalekale. Mbawa ndi mtengo umene opanga magitala kunja amaugwiritsanso ntchito m'malo mwa mahogany, sulemera kwambiri ndipo mawu ake saboola m'khutu. Mlombwa ndimaukondanso, makamaka kumsana ndi m'mbali, chifukwa susuntha kwambiri nyengo ikasintha. Mango alipo ambiri kuno ndipo amatheka, koma amafumbwa msanga, muone ngati palibe timabowo totuluka ufa. Bulugama ayi, amapindika ndi kung'aluka pouma. Tsanya wathu wa m'chigwa muno ndi wolemera moti bokosi lake silingalire, koma kachidutswa kake n'kabwino pa buliji (kathabwa komangapo nsambo pa bokosi) ndi pa kathabwa koyendapo zala, bola mmisiri alolere kunola puleni pafupipafupi. Phingo amaposa onse pamenepo, akapezeka movomerezeka. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje musagule. Mtengo uja watsala pang'ono kutha ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo.

Kachekedwe nakonso kali ndi nkhani. Mukayang'ana kumutu kwa thabwa, mizere ya mtengo iyenera kuima chilili, osati kugona kapena kupanga uta. Loterolo limalimba ngakhale litapyapyala, ndipo limatupa pang'ono. Nkhope ya ukulele, thabwa lakutsogolo lokhala ndi bowo lija, timalipala mpaka litsale pafupifupi mamilimita awiri. Awiri okha, amayi. Apa puleni imayenda ndi mantha. Ndimapala pang'ono, kulinyamula ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu, n'kugogoda. Likamati phu phu ndiye kuti likadali lonenepa. Likayamba kuyankha ndi kamawu kotalikirapo, ndasiya. Kunsi kwake timamata timitengo ta paini, tiwiri topingasa pamwamba ndi pansi pa bowo, tina totambasuka kumunsi komwe kumakhala buliji. Timeneti timaletsa nkhope kubwafuka ndi kukoka kwa nsambo, koma tikanenepa ukulele umakhala wosalankhula.

Zam'mbali ndi timatabwa tiwiri tatitali. Timatinyowetsa n'kumatikhotetsa pa paipi yachitsulo yotentha, ine ndimaika makala oyaka m'kati mwa paipiyo. Ukafulumira kathyoka, ukachedwa kapserera. Tikakhota timatitsekera m'chikombole kuti tiumire momwemo, kenaka kumata msana, nkhope ndi khosi. Zimenezo kalipentala aliyense wodekha atha kuphunzira.

Pamene mmisiri wa banjo amasiyana ndi mmisiri wa ukulele ndi pa mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija. Banjo ya kumudzi ambiri amaika ndi diso ndi khutu, ndipo pa nyimbo zake imakoma, sindikunyoza. Koma inu mukufuna ana anayi agwire kodi imodzi nthawi imodzi zimveke chinthu chimodzi, ndiye pakufunika masamu. Mumayeza utali wa nsambo kuchokera pamene imagona kumutu kufika pa buliji, n'kugawa ndi 17.817. Yankho lake ndi malo a fureti yoyamba. Utali wotsalawo mumagawanso ndi 17.817 kupeza yachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Pa nsambo ya mamilimita 380, yoyamba imagwa pa 21.3, ndipo ya nambala 12 imagwa pakati penipeni, pa 190. Mukaphonya ndi theka la milimita khutu limamva. Kawafunseni bambo a pamsikawo kuti mafureti amayeza bwanji. Akatulutsa rula yachitsulo ndi kapepala ka manambala, khalani pansi mucheze nawo. Akati "ndimangodziwa", apangitseni benchi.

Tsopano za nyengo. Chimene chimang'amba thabwa si kutentha pakokha koma kuuma. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya n'kutupa, mpweya ukauma limabwerera. Nkhope yomatidwa kale m'mbali monse ilibe kothawira, ndiye ikafuna kubwerera imangong'aluka, kawirikawiri kuchokera pa buliji kutsikira pansi. N'chifukwa chake opanga a kunja amasunga chinyezi cha m'nyumba yogwiriramo ntchito pafupifupi 45 mpaka 50 peresenti chaka chonse. Ife makina amenewo tilibe, tili ndi kalendala. Ukulele womatidwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, Shire atadzaza, pofika Okutobala wang'ambika. Womatidwa mu Ogasiti kapena Seputembala, dzinja umangotupa pang'ono, nsambo n'kukwererapo, chilimwe n'kubwerera m'malo mwake. Ine bokosi la choyimbira sinditseka nthawi ya mvula ngakhale kasitomala alire bwanji.

Kutentha kumene kumalimbana ndi guluu. Guluu wa nsapato asayandikire n'komwe, amatamuka. Woyera wotchipa wa mipando amafewa kukatentha, buliji n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kudzuka. Ine ndimaitanitsa wachikasu wa matabwa ku Blantyre, Titebond akapezeka. Ngakhale ameneyo, mukasiya ukulele m'galimoto yotseka masana kapena kuupachika pafupi ndi malata, musadzanene mmisiri. Vanishi akhale wopyapyala. Wonyezimira mochita kudzionerapo nkhope amasangalatsa maso koma amatsamwitsa mawu.

Ndinene zodzionongera ndekha msika: a ana gulani a m'sitolo, a pulayiwudi. Pulayiwudi ndi timatabwa tomatidwa mopingasana, ndiye satupa kwambiri ndipo sang'aluka wamba, mwana akaugwetsa pasimenti simulira nazo. Mawu ake ndi ochepa mphamvu, inde. Wopanga pamanja pangitsani umodzi, wanu wotsogolera nyimbo.

WaKwayaKuBangula:

Madala a pa Nchalo amaliza zonse za matabwa, ine ndingoikapo za kugula.

Choyamba mumuuze mwana wa achemwali anuyo saizi, apo ayi adzakutumizirani chimene simunafune. Waung'ono kwambiri ndi soprano, utali wonse pafupifupi masentimita 53. Kenaka concert wa 58, ndiye wa nsambo ya 380 imene madala apereka chitsanzo. Kenaka tenor wa 66. Atatuwa amatchunidwa mofanana, G C E A, ndipo G yoyambayo ndi yokwera, si yotsika monga mwazolowera pa gitala, musadabwe kuti asokoneza nsambo. Pali wachinayi, baritone, amene amatchunidwa D G B E ngati nsambo zinayi zowonda za gitala. Ameneyo musiyeni, kagwiridwe ka makodi kadzasiyana ndi ka anzake m'kalasi. Ana a Sitandade 6 soprano awakwanira. Inuyo concert, zala za munthu wamkulu zimapanikizana pa soprano.

Chenjerani ndi zidole. M'mashopu a zoseweretsa ana muli timagitala ta nsambo zinayi topakidwa maluwa, sitigwira tchuni ngakhale mphindi imodzi. Apite ku shopu ya zoyimbira. Mayina ngati Kala ndi Mahalo ndi odziwika pa otchipa, komabe dzina lisakugonetseni tulo, awiri a kampani imodzi amatha kusiyana.

Poti inu simudzakhalako, amuyesere wa m'shopuyo ali pa kanema wa WhatsApp inu mukumvera. Alize nsambo osagwira, kenaka agwire pa fureti 12 alizenso. Liyenera kukhala liwu lomwelo koma lokwera, monga "do" wapansi ndi "do" wapamwamba. Inu a kwaya mudzamva pompo likakhala lapitirira kapena laperewera. Achite choncho nsambo zonse zinayi. Pa fureti 12 yomweyo mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsulo usapitirire mamilimita atatu, ukaposa apo mwabwerera ku vuto la gitala ya achimwene anu. Ayendetse chala m'mphepete mwa khosi, tizitsulo tisabaye. Zimenezi kuno zimakula, chifukwa chilimwe khosi limabwerera koma chitsulo sichibwerera. Ayese kulowetsa kapepala pansi pa buliji, kakalowa ausiye. Zotchunira zikhale za magiya zoloza m'mbali monga za gitala. Zija zoloza kumbuyo zongogwira ndi kuthina zimavuta ana, kungopotoza pang'ono liwu lathawa kale.

Nsambo zatsopano zimatamuka sabata imodzi kapena ziwiri, muzidzatchuna tsiku lililonse. Si kuti mwagula choipa. Pa foni pali timapulogalamu taulere totchunira.

Pobwera akhwefule nsambo ndipo akhale m'kati mwa basi, osati m'ngolo ya katundu pansi pa mafiriji ndi masofa. Kosungira musankhe bwino. Nthawi ya Freddy mu 2023 madzi analowa m'tchalitchi mwathu, gitala imene inatsamira pakona pansi inamatuka msana wonse, pamene yokoleka pakhoma inapulumuka. Ndiye pakhoma, koma chapakati, kutali ndi malata ndi zenera.

MkuluWopumaKuChikwawa:

Aphunzitsi, anyamatawa akuuzani zoona, koma ine mtima wanga uli kwa bambo a pamsika aja. Musawataye msanga.

Ukulele sunayambire m'fakitale. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inafika ku Honolulu, ku Hawaii, itanyamula anthu a pachilumba cha Madeira cha Apwitikizi. Ankakagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Ine amene ndakalambira m'nzimbe za ku Nchalo nkhani imeneyi imandikhudza. Pakati pawo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Atachoka m'mindamo anatsekula timashopu ta matabwa mu Honolulu n'kumapanga kagitala ka kwawo kotchedwa machete, koma ndi mtengo wa komweko wa koa, poti ndi umene unali pafupi. Mfumu ya ku Hawaii, Kalākaua, inakakonda, kanafala. Banja la Kamaka linayamba kupanga maukulele mu 1916 ndipo mpaka lero ntchito ili m'manja mwa banja lomwelo. Kumeneko analembanso amisiri osamva, amene ankadziwa kuti thabwa lapyapyala mokwanira pomva kunjenjemera kwake ndi zala akaligogoda.

Nanga kuno kukusowa chiyani? Osema ulimba a ku Nsanje amatchuna thabwa ndi kasemasema, kupala pansi pang'ono mpaka liwu likhale m'malo. Khutu ndi dzanja zilipo. Chosowa ndi manambala amene a pa Nchalo alemba apawa, ndipo amenewo mphunzitsi atha kuwawerengera pa bolodi. Komanso wa ku Joni ukamatuka mudzapita nawo kwa ndani? Kwa bambo omwewo. Ndi bwino adziwe m'kati mwake.

Langizo langa limodzi: woyamba asavutike ndi chiuno cha gitala. Samuel Kamaka anapanga wa maonekedwe a chinanazi, wozungulira wopanda chiuno, n'kuulembetsa mu 1928. Kukhotetsa zam'mbali zake n'kosavuta ndipo umalira bwinobwino. Ayambire pamenepo.

MphunzitsiWaKuNgabu:

Takhuta nonse, mwanditsekula m'maso. Ndinapita kwa bambo aja nditalemba mafunso m'kope. Rula yachitsulo ali nayo. Za 17.817 anali asanamvepo, koma sanachite makani, anandibwereka cholembera n'kukopera, ndipo tagwirizana kuti manambala onse ndiwawerengere ndi ana anga pa phunziro la masamu. Kuseri kwa shedi yawo kuli chitseko chakale cha mbawa cha nyumba ina imene inagwa ndi madzi, akuti chakhala pamthunzi kuyambira nthawi imeneyo. Za chinanazi anaseka koma avomera. Guluu ndi woyera uja, ndiye wachikasu ndikagula ndekha ndikakwera ku Blantyre mwezi ukatha.

Ndatsimikiza motere: anayi a ana achokere ku Johannesburg, wanga apange iwowo chilimwe chino.

Chatsala ndi nsambo ndi mafureti. Pa mabanjo awo mafureti amapanga ndi masipoko a njinga, nsambo ndi waya wa buleki, ndipo akuti ndi zolimba sizidzaduka. Ine zandikayikitsa. Komanso nsambo ya mwana ikaduka pakati pa temu sindingakwere phiri la Thabwa kupita ku Blantyre chifukwa cha kachingwe kamodzi. Twaini wa mbedza amene amagulitsa asodzi angagwire? A pa Nchalo tandithandizeninso.

MmisiriWaPaNchalo:

Waya wa buleki ayi, amayi, mukaneko ndithu. Sudzaduka, n'zoona, chimene chidzaduke ndi ukulele. Waya amakoka mwamphamvu kuposa nayiloni, ndipo nkhope ya mamilimita awiri siinapangidwire zimenezo. Buliji idzazuka ndi thabwa lomwe.

Twaini wa mbedza amagwira, ine ndamangirapo. Akhale wa nayiloni wa chingwe chimodzi woonekera mkati, osati wolukana. Chinsinsi n'chakuti asakhale saizi imodzi. Pa kabokosi kake amalemba kunenepa: ya A pafupifupi mamilimita 0.6, ya G 0.65 kapena 0.7, ya E 0.8, ya C 0.9 mpaka 1.0. Mukamanga zonse ndi saizi imodzi, ina idzakhala lende ina idzathina mpaka kuduka. Amatamuka nthawi yaitali kuposa nsambo zenizeni ndipo mawu ake safika pa zenizenizo, koma temu muthera. Komabe mwanayo aponyemo mapaketi angapo a nsambo m'katundumo, salemera.

Masipoko ndi obulungira, alibe kamwendo kolowa m'thabwa, ndiye amangodalira guluu ndipo sakhala mulingo umodzi. Imodzi ikakwera pang'ono nsambo imalira nzii. Waya wa mafureti weniweni kunsi kwake kuli kamwendo ka mano kamene timakhomera mu mng'alu wocheka ndi sowo yopyapyala. Agule kumeneko pamodzi ndi zotchunira zinayi za magiya, ndipo anene kuti wa ukulele kapena wa mandolin, wa gitala ndi wonenepa.

Bambowo muwauze zinthu ziwiri. Chitsekocho poti chinalowapo madzi, achicheke kaye timatabwa topyapyala tikhale masabata angapo pamthunzi, aone ngati tikupindika. Ndipo kafupa kogonapo nsambo pa buliji asakaike ndendende pa 380, akasunthire kumbuyo milimita imodzi kapena iwiri, chifukwa chala chikapanikiza nsambo liwu limakwera pang'ono. Mulipire theka poyamba. Theka linalo mudzapereke atamanga nsambo mutayesa nokha pa fureti 12, vanishi asanapake, poti nthawi imeneyo buliji ikadali yotheka kusuntha.